UDZU WA M'NKHUTI: DULANI NSENJERE IKALI YANTHETE

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde m'mwezi wa Febuluwale, akafika pa mlatho wa Domasi amaona udzu kuli konse. M'mbali mwa mtsinje nsenjere imakhala itapitirira msinkhu wa munthu, madambo ali obiriwira, ndipo ng'ombe ya m'khola imasiya udzu wina m'chodyera chifukwa chokhuta. Munthu yemweyo akadutsanso pomwepo m'mwezi wa Okutobala amapeza dziko lina. Udzu unapsya ndi moto wa osaka mbewa, mapesi anatha, ndipo ana amene akanakhala ali ku sukulu ali kuyenda m'mphepete mwa mtsinje ndi zikwakwa, kufunafuna kamtolo ka udzu wauwisi. Ng'ombe ija yayamba kuonetsa nthiti. Mkaka umene unali kudzaza chidebe tsopano ungophimba pansi pake.

Bvutoli siliri la mkaka wokha. Ng'ombe yaikazi ikaonda kwambiri m'chirimwe imachedwa kufuna nkhunzi, kotero mwana amene akanabadwa chaka chamawa amabadwa chaka chotsatiracho, ndipo mwini wake amakhala ali kudyetsa ng'ombe yosakamidwa miyezi yambiri. Njala ya ng'ombeyi imafikanso pa nthawi yoipitsitsa, pamene pakhomo pafunika ndalama za mbeu, za feteleza ndi za fizi ya ana. Kale anthu a kunsi kwa chigwa anali kudalira madambo a ku nyanja ya Chilwa, kumene msipu umakhala wauwisi ngakhale kumtunda kutauma. Koma nyanjayo inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka pfumbi. Madambo ambiri tsopano ndi minda ya mpunga. Ndiponso ng'ombe ya mkaka ya m'khola siipita ku dambo. Imadya chimene mwini wake waibweretsera.

Iripo njira yosungira udzu wa m'dzinja kuti ng'ombe idzaudye m'chirimwe ukali wofewa ndi wamadzi. Alangizi a zaulimi amautcha udzu wotere sayileji. Ife m'nkhani ino tiutcha udzu wa m'nkhuti, pakuti amayi a kuno adziwa kale kukwirira mbatata m'nkhuti kuti afike nayo kutali, ndipo nzeru yake njofananako. Udzu umadulidwa ukali wauwisi, nuduladulidwa, nuikidwa m'dzenje, nupondedwa zolimba, nubvundikiridwa kuti mpweya usalowe. M'menemo umasasa monga umachitira mkaka posanduka chambiko, ndipo kusasako ndiko kumauteteza kuti usaole.

Usiyana ndi mfutso wa udzu, umene timaumitsa pa dzuwa ndi kumanga m'mitolo. Mfutso ngwabwino, koma ufuna masiku angapo a dzuwa motsatizana. Nanga masiku otere tiwapeze kuti mu Febuluwale, ife okhala pansi pa mapiri a Zomba ndi Malosa, kumene mitambo imasonkhana masana ali onse? Tikati tidikire mpaka Meyi kuti mvula ithe, udzu wakalamba kale. Udzu wa m'nkhuti ufuna dzuwa la maora ochepa chabe.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'chaka cha 1877 mlimi wina wa ku France, dzina lake Auguste Goffart, analemba buku lofotokoza m'mene anali kusungira chimanga chachiwisi m'maenje kuti adyetse ng'ombe zake, ndipo alimi a ku America ndi ku Mangalande anatengera. Ku Finland, dziko lozizira kumene ng'ombe zimakhala m'nyumba miyezi yambiri, katswiri wina dzina lake A. I. Virtanen anaonetsa kuti udzu ukafika msanga pa kuwawasa kokwanira suonongeka, ndipo mu 1945 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha nchito imeneyi. Iwo amasungira chisanu, ife tisungira chirimwe, koma mimba ya ng'ombe ndi imodzimodzi.

M'MIMBA MWA NG'OMBE

Pali chinthu chimodzi chimene mlimi ali yense ayenera kuchimvetsa asanagwire khasu kukakumba nkhuti. Nkhuti siionjezera kanthu pa udzu. Imangosunga chimene mwaikamo, ndipo ngakhale mutasamala chotani, kanthu pang'ono kamatayika. Mukaikamo udzu wokalamba, mudzafukula udzu wokalamba wowawasa. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni tione m'mene ng'ombe imagayira chakudya.

Ali yense amene anaonerera posenda ng'ombe pa ukwati kapena pa maliro adziwa kuti mimba yake iri ndi zipinda 4. Chipinda choyamba, chifu chachikulu chija cha m'kati mokhakhala ngati thaulo, mu ng'ombe yaikulu chingathe kulowa malita 100 kapena kuposa, ndiye kuti ndowa 5 za malita 20. Ng'ombe payokha siingathe kugaya udzu, monganso ife sitingathe. Amene amaigayira ndi tizirombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochuluka kosawerengeka, timene timakhala m'chifumo. Ng'ombe imameza udzu, nibzikula, niutafunanso, ndipo tiziromboto timausungunula ndi kuusandutsa zinthu zolowa m'magazi, zopatsa ng'ombe mphamvu ndi mafuta a mkaka. Tiziromboto timapitirira m'matumbo, ndipo matupi ake amakhala ngati ndiwo ya ng'ombe, chakudya chomanga thupi. Kotero mlimi akamadyetsa ng'ombe, kwenikweni ali kudyetsa tizirombo.

Tsono udzu wanthete uli ndi masamba ambiri ofewa, amene tiziromboto timawasungunula msanga. Udzu ukamakula, phesi lake limalimba ngati bango, pakuti umadzipangira zinthu zonga za mtengo kuti uime chiriri, ndipo zinthu zimenezi tizirombo sitingathe kuzigaya. Akatswiri oyesa zakudya za ziweto amachita chotere: amayesa kulemera kwa udzu umene ng'ombe yadya, nayesanso ndowe zimene yatulutsa, zonse ataziumitsa. Kusiyana kwake ndiko chimene chatsala m'thupi. Pa nsenjere ya masabata 6 kufikira 8 chiidulire, yofika m'chiuno kapena pachifuwa pa munthu, mwa magawo 100 amene ng'ombe yadya pafupifupi 60 amatsala m'thupi. Pa nsenjere yokalamba, yopitirira munthu, ya mapesi olimba, otsala m'thupi safika ndi theka lomwe.

Chakudya chomanga thupi, chimene ophunzira amachitcha puloteni, nachonso chimatsika. Mu nsenjere yanthete youmitsidwa chimakhala pafupifupi magawo 10 pa 100, koma mu yokalamba chimatsikira pa 5 kapena kucheperapo. Tizirombo ta m'chifu timafuna magawo 7 kuti tigwire nchito bwino. Pakachepa pamenepo timafooka, udzu umakhalitsa m'chifu osasungunuka, ndipo ng'ombe imaleka kudya pakuti mimba njodzaza. Apa mlimi ataya kawiri: ng'ombe idya pang'ono, ndipo pa pang'onopo ipindula ndi theka lokha. Ndicho chifukwa chake mumaona ng'ombe ya mimba yaikulu ngati ng'oma koma nthiti ziri poyera. Mapesi ouma a chimanga ndi udzu wa mpunga wopuntha, zimene anthu ambiri a m'chigwa amadalira m'chirimwe, ziri m'gulu lomwelo la zokhutitsa zosanenepetsa.

Simufunika sikelo ya akatswiri kuti muone zimenezi. Yang'anani ndowe. Ng'ombe yodya udzu wogayika bwino imagwetsa ndowe zofewa, zoyalana pansi ngati phala lolimba. Ndowe zouma, zoumbika zigawozigawo, zokhala ndi timitengo ta udzu tooneka ndi maso, ziri kukuuzani kuti chakudya changodutsamo.

Tidziwa chimene chimanyenga anthu. Nsenjere yaitali imadzaza ngolo msanga, ndipo mtima umakondwa poona mulu waukulu. Kuidula ikali m'chiuno kumaoneka ngati kuononga. Koma nsenjere ikadulidwa imaphukanso. Siyani chitsa chotalika ngati chikhatho, thirani manyowa a m'khola, ndipo pakutha masabata 6 kapena 8 yafikanso; dzinja limodzi mungathe kudula kawiri kapena katatu. Musapitirirenso mbali inayo. Nsenjere yosafika m'mabondo iri ndi madzi okhaokha, ndipo kuidula kawirikawiri chotero kumafooketsa zitsa.

M'mabuku udzu umenewu amautcha Napier, dzina la Mzungu wina wa ku Bulawayo amene anautamanda kwa a zaulimi a kumeneko zaka zoposa 100 zapitazo. Koma udzuwo ngwathu wa mu Africa muno, ndipo makolo athu anali kumangira mipanda iye asanabadwe.

ZIMENE ZIMACHITIKA PANSI PA DOTHI

Udzu ukadulidwa sufa pomwepo. Umapitiriza kupuma, ndipo pamene mpweya ulipo umatentha shuga wake womwe. Amene anapisapo dzanja m'mulu wa udzu wauwisi umene wagona usiku adziwa kutentha kwake. Kutentha kumeneko ndi chakudya cha ng'ombe chiri kupsya. Mpweya ukatha, tizirombo tabwino, ta mtundu womwewo umene umasasitsa chambiko, timayamba kudya shuga wa mu udzu ndi kutulutsa chowawasa. Chowawasacho chikachuluka, tizirombo tooletsa zinthu timalephera kukhala, ndipo pamapeto pake tabwino tomwe timaleka nchito. Pamenepo udzu umangokhala chete, ndipo nkhuti yosabooka ingathe kuusunga chaka chathunthu kapena kuposa.

Zikalakwika, zimalakwika m'njira ziwiri. Udzu ukalowa wonyowa kwambiri ndi wosowa shuga, chowawasa chimachedwa, ndipo tizirombo ta m'dothi timapambana. Timaphwanya chakudya chomanga thupi chija, ndipo udzu umatuluka wakuda, woterera, wonunkha ngati mafuta obvunda, pfungo losachoka m'manja ngakhale mutasamba ndi sopo. Ng'ombe imaununkhiza nitembenuka. Njira yachiwiri njonyenga kwambiri. Udzu ukalowa wouma koposa, kapena wosapondedwa bwino, mpweya umatsalira, udzu umatentha nufiira ngati fodya, nununkhira bwino ngati shuga wopsyerera. Ng'ombe zimaudya mokondwa, mwini nayesa kuti wakhoza. Koma kutenthako kwamanga chakudya chomanga thupi kuti chisagayikenso, ndipo chimangotuluka ndi ndowe. Mkaka sukwera, ndipo mwini ayamba kunena kuti alangizi anamunamiza.

Nsenjere iri ndi zilema ziwiri pa nchito imeneyi: madzi ambiri ndi shuga wochepa. Pa makilogalamu 100 a nsenjere yongodula kumene, oposa 80 ndi madzi. Chofunika nchakuti madziwo atsikire pa 70 kapena pafupi pamenepo. Dulani m'mawa mame atauma, yalani udzu pa dzuwa, ndipo muutembenuze kamodzi. Pa tsiku la dzuwa lamphamvu maora ochepa akwana. Kukakhala mitambo ugone mpaka mawa, koma usapitirire pamenepo. Kuti mudziwe ngati wafota mokwanira, duladulani pang'ono, fumbatani zolimba kwa kanthawi, ndipo mutambasule dzanja. Madzi akadontha pakati pa zala, ukali wonyowa. Ukamwazika pomwepo, waumitsitsa. Wabwino umakhala woumbika, numasuka pang'onopang'ono, nusiya chikhatho chiri ndi chinyontho chabe.

Kusowa kwa shuga timakuthetsa ndi molasesi, madzi akuda onanda aja otsala popanga shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Pa makilogalamu 100 a udzu thirani makilogalamu 3 kufikira 5, mutasungunula ndi madzi ochuluka kawiri kapena katatu kuti awazike bwino. Molasesi sapezeka pa msika wa Songani monga mchere, ndipo mlimi mmodzi sangalondole yekha kutali chotero chifukwa cha ndowa imodzi. Apa mpamene gulu la alimi a mkaka lithandiza, pogula mgolo umodzi ndi kugawana. Amene alibe molasesi agwiritse nchito madeya, makilogalamu 5 kufikira 10 pa 100 a udzu. Madeya alibe shuga wambiri monga molasesi, koma amamwa madzi otsala, ndipo chakudya chake sichitayika. Ng'ombe idzachipeza momwemo. Koma kumbukirani kuti Febuluwale ndi mwezi wa njala, pamene madeya amakwera mtengo, ndipo pa makomo ena amalowa mu mphika wa anthu. Madeya a nkhuti ya chaka chamawa asungidwe pa nthawi yokonola, ataumitsidwa bwino.

Kuti chakudya chomanga thupi chichuluke, sakanizani masamba a lukina kapena a nandolo, kapena kholowa pamodzi ndi zingwe zake atafota. Koma asapose gawo limodzi pa magawo 4, pakuti masamba otere amachedwetsa kuwawasa, ndiponso lukina wochuluka amathothola ubweya wa ziweto.

Chimanga chachiwisi chodulidwa chonse, phesi ndi chimanga chomwe, pamene njere zayamba kulimba, ndicho chimapanga sayileji wabwino koposa, wosafuna molasesi. Ndi chimene amachita pa mafamu akulu. Koma sitinganene kwa banja la ekala imodzi kuti likwirire nsima yake m'dzenje. Pokhapokha pa chaka chonga cha 2024, pamene ng'amba ya mu Febuluwale inaumitsa chimanga chisanabereke m'maboma ambiri a dziko lino: chimanga chotere, chimene palibenso chiyembekezo chokolola, chikadulidwa chikali chobiriwirako chingathe kupulumutsidwa chikhale chakudya cha ng'ombe.

KUKUMBA NDI KUDZAZA

Sankhani malo okwera, otsetsereka pang'ono, kufupi ndi khola. Pansi pa chigwa, kumene madzi amatumphuka m'dzinja, nkhuti imasanduka chitsime. Kumeneko nkwabwino kugwiritsa nchito migolo kapena matumba olimba a pulasitiki. Nkhuti ikhalenso kutali ndi mtsinje, chitsime ndi maiwe a nsomba. Madzi otuluka mu udzu wonyowa amamaliza mpweya wa m'madzi, ndipo pang'ono pokha angathe kupha nsomba za dziwe lonse. Kuno ku Domasi, kumene kuli malo a Boma ofufuza ulimi wa nsomba ndipo mabanja ambiri ali ndi maiwe a makumba ndi chilunguni, mlandu wotere ungafike kwa amfumu.

Kukula kwake tiwerengere motere. Ng'ombe imodzi ya mkaka ya mtundu wosakaniza, yodyanso zina pambali, ifuna makilogalamu 20 pa tsiku. Kuyambira Ogasiti mpaka kumapeto kwa Novembala ndi pafupifupi masiku 120, ndiye kuti makilogalamu 2,400. Dzenje la mita 1 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mita 1 kuya kwake, likapondedwa bwino, limasunga makilogalamu 500 kapena 600. Kotero nkhuti yakuya mita 1, yotambalala mita 1 ndi theka, yotalika mamita 3, ikwanira ng'ombe imodzi. Nkwabwino kukumba ziwiri zazing'ono kusiyana ndi imodzi yaikulu, pakuti yaing'ono imadzaza tsiku limodzi, ndiponso ina ikaonongeka ina itsala. Zipupa zake zikhale zosalala, zopendekera pang'ono kuti kukamwa kukule kuposa pansi.

Udzu wongodula wofunika pa nkhuti yotere ndi pafupifupi kawiri kulemera kumeneko, pakuti umapepuka pofota. Ku Kenya, kumene alimi ang'onoang'ono a mkaka ndi ambiri, alangizi amawerengera ekala imodzi ya nsenjere pa ng'ombe ndi mwana wake chaka chonse. Ndi mabanja ochepa a kwa Malemia amene angapatule ekala yathunthu. Koma alipo malire a minda, migula, m'mbali mwa ngalande, ndi kuseri kwa khola kumene manyowa amayenderera. Akuluakulu amene atsala akumbukira m'mene migula inadzera ndi chindapusa m'zaka za m'ma 1950, pa nthawi ya malamulo a malimidwe, pamene Domasi analinso malo a Boma oyeserapo chitukuko cha m'midzi motsogozedwa ndi Bwana T. D. Thomson kuyambira mu 1949. Lero palibe kapitao wobwera kudzayesa migula ndi kulemba maina. Mgula wobzalidwa nsenjere umagwira nthaka, nudyetsanso ng'ombe.

Nchito yodzaza njolemetsa, ndipo sitikubisirani. Imafika pamene anthu ali kubandira chimanga ndi kupalira mpunga, ndipo munthu mmodzi sangaithe. Itanani anansi monga pa dima, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Amene alephera mu Febuluwale ali ndi mwai wina mu Epulo, mvula iri kumapeto, pa nsenjere imene yaphuka kachiwiri kapena kachitatu. Nthawi imeneyo kufotetsa sikubvuta.

Ena adule pa chipika ndi zikwanje, zidutswa zotalika ngati mfundo imodzi ya chala, masentimita 2 kapena 3. Zidutswa zazitali sizipondeka, ndipo zimabisa mpweya. Yalani pepala la pulasitiki pansi ndi m'zipupa, mbali zake zitsalire kunja. Thirani udzu wochindikala ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, wazani molasesi kapena madeya, pondani. Pondani ndi mapazi, kapena kunkhunizani mgolo wodzaza madzi, makamaka m'mbali ndi m'ngondya, m'mene kuola kumayambira. Mapazi akhale otsuka. Dothi ndi ndowe zisalowemo, ngakhalenso chirombo chakufa monga khoswe kapena chule, pakuti nyama yoolera m'nkhuti imapanga ululu wakupha ng'ombe. Chitani chotero mpaka mulu utulukire pamwamba pa dzenje kufika m'mabondo, pakuti udzatsika. Pindirani pepala pamwamba, bvundikirani ndi lina, ndipo mukwirire ndi dothi lambiri loumbidwa ngati mtumbira kuti mvula itsetsereke. Kumbani ngalande pozungulira. Zonsezi zithe tsiku lomwelo, kapena lachiwiri basi.

Masabata oyamba muziyendera nkhuti. Dothi likang'aluka pamene udzu uli kutsika, tsekani. Nkhuku, makoswe ndi chiswe zimaboola pepala, ndipo kabowo kolowa chala kangathe kuoletsa udzu wa ndowa yathunthu. Ana asasewere pa nkhuti yatsopano, ndipo munthu asalowetse mutu kunsi kwa pepala kuti aone m'mene ziri kuyendera, pakuti masiku oyamba mumatuluka mpweya woipa wokomola munthu.

KUFUKULA NDI KUDYETSA

Pakutha masabata 4 kufikira 6 udzu wapsya, koma palibe chifukwa chofukulira pamene msipu ukalipo. Tsiku lotsegula, tsegulani mbali imodzi yokha. Udzu wabwino umakhala wobiriwira mopita ku chikasu, masamba ndi mapesi zikali kuzindikirika, wonunkhira mowawasa pang'ono ngati thobwa logona. Pamwamba ndi m'mbali mungapeze wina wakuda kapena wachuku. Umenewo chotsani ndi kutaya ku manyowa, osaumvera chisoni. Udzu wachuku ndi woola ungathe kuchotsetsa bere, ndipo umabweretsa matenda a m'ubongo amene chiweto chimayenda mozungulirazungulira, mutu utapendekera mbali imodzi. Mbuzi ndi nkhosa zimagwidwa msanga koposa ng'ombe.

Tapani wokwanira tsiku limenelo, modula kuchokera pamwamba kufika pansi monga mudula mkate, ndipo mubvundikirenso. Mpweya ukalowa, udzu umayamba kutentha pakutha tsiku limodzi kapena awiri, makamaka m'dzuwa la Okutobala. Nkhuti yotsegulidwa idyedwe tsiku ndi tsiku mpaka ithe.

Ng'ombe yosauzolowera imayamba yakana. Musataye mtima. Yambani ndi manja awiri osakaniza ndi udzu umene idziwa, ndi kuonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kuti tizirombo ta m'chifu tizolowere. Ipatseni mutatha kukama, ndipo chidebe cha mkaka chisakhale pafupi, pakuti mkaka umatenga pfungo msanga ndipo ku malo osonkhanitsira mkaka angaubweze. Ana a ng'ombe amene akali kuyamwa musawapatse. Chifu chao sichinakhwime.

Nanga muyembekezere chiyani? Udzu wa m'nkhuti wopangidwa bwino umagayika pafupifupi monga nsenjere imene munaikamo, kungochepa pang'ono. Mwa magawo 100 a chakudya, 10 kapena 15 amatayika m'nkhuti yabwino; m'nkhuti yosasamalidwa angatayike 30 kapena kuposa. Uli ndi chinthu china chimene udzu wouma wa m'thengo ulibe. M'masamba obiriwira muli kanthu kamene thupi limakasandutsa vitamini A, wofunika pa maso, pa kubereka ndi pa thanzi la mwana wobadwa. Kanthuko kamaonongeka pa dzuwa, koma m'nkhuti kambiri kamasungika.

Pa wokha, udzuwu ungathe kusunga thupi la ng'ombe ndi kupatsa malita ochepa, 5 kapena kuposerapo pang'ono. Ng'ombe ya malita 10 kapena 15 ifunanso madeya osakaniza ndi zomanga thupi, monga soya wokazinga kapena zotsalira poyenga mafuta a mpendadzuwa, pafupifupi kilogalamu 1 pa malita 2 ali onse oonjezera. Madeyawo ali ndi nchito inanso. M'nkhuti mbali ina ya chakudya chomanga thupi imasungunuka, ndipo tizirombo ta m'chifu sitingaigwire popanda chakudya cha mphamvu. Ikapanda kugwidwa imatuluka ndi mkodzo. Mchere ndi madzi zisasowe m'khola. Ng'ombe yokamidwa imamwa ndowa 3 kapena kuposa pa tsiku la dzuwa.

Amene sanayesepo asayambe ndi nkhuti yaikulu. Mgolo wa malita 200 wotsukidwa bwino umalowa makilogalamu 100 kapena kuposa, chakudya cha masiku 5 cha ng'ombe imodzi. Dzazani migolo iwiri, wina ndi nsenjere ya m'chiuno, wina ndi yopitirira munthu, mangani kukamwa ndi pulasitiki ndi mphira, ndipo mulembe tsiku ndi makala pa khoma la khola. Mu Seputembala, ng'ombe itazolowera, dyetsani mgolo wina sabata ino, wina sabata yamawa, muli kuyesa mkaka ndi botolo lomwelo m'mawa ndi madzulo, ndi kuyang'ana ndowe. Mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya Malosa angathe kubwera pa tsiku lodzaza kudzaona ngati udzu wafota mokwanira. Muuzeni kukali sabata imodzi.